Ulusi wa DK wa akiriliki ndi singano zozungulira: ndemanga pambuyo pa chisanu chonse

Ulusi tikunena pano ndi uja wa magalamu 100 wopezeka m'masitolo a nsalu ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe ndi m'misika ikuluikulu, wolembedwa double knit kapena DK papepala lake, lomwe ndi dzina la ulusi wonenepa pakatikati. Ambiri timangouti wulu, koma si ubweya wa nkhosa ayi, ndi akiriliki yekhayekha, ndipo zimenezi n'zimene zimalamula kachapidwe, kayanikidwe, ngakhale malo amene mwana wovala juziyo angakhale. Tauyesa pa tizipewa, masokosi, majuzi otsegula kutsogolo ndi shawelo, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, polukira singano zozungulira za 4 mm ndi 3.25 mm, zija za aluminiyamu zolumikizidwa ndi kachingwe ka pulasitiki. Ulusi tikuupatsa nyenyezi 4 mwa 5. Singano tikuzipatsa 3.

Ngati mukukayika kuti mwagula chiyani, dulani kachidutswa kotalika ngati chala n'kukayatsa ndi machesi panja. Akiriliki amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba, fungo lake ngati la jumbo yopsa. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lowauka ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitsina.

M'manja ulusiwu ndi wabwino. Ndi wofewa moti sukanda khosi la khanda, ndipo timinyolo take sitimasukamasuka poluka, kotero singano silowa pakati pa ulusi kawirikawiri. Pa singano za 4 mm unatipatsa masitichi 22 ndi mizere pafupifupi 28 pa masentimita 10, womwe ndi muyeso wanthawi zonse wa DK. Amayi anzathu, muyeso umenewu musaunyalanyaze. Lukani kachigamba ka masitichi 28, mizere 30, kachapeni, kaume, kenako muwerenge masitichi a pakati ndi tepi. Chifukwa chake n'chamasamu chabe. Msana wa juzi ya mwana wa miyezi 3 mpaka 6 umafuna masentimita 25, ndiwo masitichi 55. Dzanja lanu likakhala lotayirira n'kumapereka masitichi 20 m'malo mwa 22, msana womwewo utuluka masentimita 27.5, juzi yonse n'kukula ndi masentimita 5, ulusi n'kuthera panjira mkono umodzi usanathe. Likakhala lothina, masitichi 24, juzi itsikira ku masentimita 46 ndipo mwana aivala milungu iwiri basi. Wotayirira atsike pa 3.75 mm, wothina akwere pa 4.5 mm. Amene muli ndi singano zakale za agogo zolembedwa manambala okha, nambala 8 ndiyo 4 mm, nambala 10 ndiyo 3.25 mm, pa manambala akale aja nambala ikamakwera singano imachepa.

Kuchuluka kwa ulusi kunayenda motere. Kachipewa ka khanda kanadya magalamu osapitirira 25, masokosi awiri pafupifupi 20. Juzi ya wobadwa kumene inakwana mu mpukutu umodzi, koma mothinana, moti ndi bwino kukhala ndi wina pambali. Ya miyezi 6 imafuna mpukutu ndi theka, ya zaka 2 mipukutu iwiri, ya mwana woyamba sukulu itatu. Shawelo ya masentimita 75 kwa 90 imamwa mipukutu inayi kapena isanu, kutengera kalukidwe.

Vuto loyamba lili pa mtundu. Papepala la mpukutu pamakhala manambala awiri: ya mtundu, ndi ya mphika umene ulusiwo unanyikidwamo utoto. Mipukutu iwiri ya mtundu umodzi koma ya miphika yosiyana imaoneka yofanana m'sitolo, pansi pa babu, koma mukaitulutsa padzuwa juzi imakhala ndi mzere woonekera pamene munasinthira. Pa buluu wakumwamba ndi pa pinki ndi pamene zinaonekera kwambiri. Woyera ndi wakuda sizinavute. Ogulitsa ambiri amasakaniza mipukutu m'thumba limodzi, ena mapepala anathothoka kale. Gulani ulusi wonse wa chovala chimodzi tsiku limodzi, mutafananiza manambala onse awiri nokha. Zikakanika, pali njira yobisira: pofika posinthira, lukani mizere iwiri ndi mpukutu wakale, iwiri ndi watsopano, mobwereza kwa masentimita 5, kapena ulusi wosiyanawo muusungire rib, mphepete yotanuka ija ya kunsi kwa juzi ndi ya kumapeto kwa mikono, ndi kolala pomwe diso silitsutsa.

Lachiwiri ndi mfundo za m'kati mwa mpukutu. Mipukutu ina inalibe, ina inali ndi imodzi kapena ziwiri. Mfundo yotere musailukire m'chovala. Imatulukira kunja kwa juzi, ndipo popeza akiriliki ndi woterera, imamasuka pochapa n'kusiya bowo loti masitichi amatsetsereka mpaka pansi. Iduleni, bwererani kumayambiriro a mzere, yambani ulusi watsopano pamphepete mutasiya michira ya masentimita 10. Michirayo muisokerere kuseri ndi singano yobuntha, masentimita 5 kupita uku kenako kubwerera, chifukwa mchira wosokeredwa mbali imodzi yokha umasolokanso. Pa masokosi pamafunika diso lenileni: tembenuzani sokosi muone kuti m'kati mulibe ulusi wolendewera, chifukwa kaulusi kamodzi kakhoza kukulunga chala cha khanda n'kutseka magazi, mwana n'kumangolira inu osadziwa chimene chikumupweteka.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene yachotsetsa nyenyezi yachisanu ija. Ulusi uwu ndi moto n'zosayenderana. Simbi ikangokhudza, malowo amaphwatalala, kunyezimira, kutaya mphamvu yake yobwerera, ndipo sizikonzekanso. Rib yositidwa imangoti lende ngati khutu la njovu. Madzi otentha amachitanso chimodzimodzi pang'onopang'ono. Choopsa koposa ndi mbaula. M'mawa wa Juni ku Dedza kapena chiperoni chikagwa ku Thyolo, aliyense amaunjikana pa moto, ndipo mwana wovala juzi yatsopano ndi amene amakhala patsogolo. Kamoto kothetheka kakagwera pa akiriliki sikangozima, kamasungunula ulusi, ndipo wosungunukawo umamatirira pakhungu. Mwana wovala ulusi uwu akhale patali ndi mbaula, kandulo ndi koloboyi, ndipo juzi yonyowa isayanikidwe pamwamba pa makala pofuna kuti iume msanga.

Apa pamabuka funso limene pepala la ulusi silingayankhe. Zovala za mwana timasita osati chifukwa cha makwinya okha, komanso kuti tiphe mazira a ntchentche ija yobweretsa mphutsi pakhungu, imene imaikira pa nthaka ndi pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi ndiponso zimene zatsalira fungo la mkodzo. Nanga juzi yosasitika titani nayo? Njira imene yagwira ntchito ndi iyi. Chapani m'madzi ofunda pang'ono, oti chigongono chisamve kutentha, ndi sopo wochepa. Finyani mofatsa m'manja, osamenyetsa pamwala, osapotokola. Tsukuluzani kawiri kapena katatu mpaka fungo lonse lichoke. Yalani juzi pa thaulo, pindani ngati mkeka, pondani kuti madzi alowe m'thaulo. Kenako iyaleni chogona patebulo m'nyumba pafupi ndi zenera, kapena panja pamalo okwera mutaifunditsa kansalu kopyapyala. Paudzu ayi, pamchenga ayi. Pachingwe ndi mapegi ayinso, chifukwa kulemera kwa madzi kumakokera juzi pansi, mapewa n'kutuluka nyanga. Ubwino wake akiriliki samwa madzi ambiri, ndiye juzi ya khanda yochapidwa m'mawa imakhala itauma madzulo, pokhapokha kutakhala chiperoni. Mkati mwa juzi mwana avale kamalaya ka thonje kositidwa bwino.

Pa kuchapa pokha ulusiwu sitingaudandaule. Phala, mkaka wobwerera, fumbi lofiira la pabwalo, zonse zinachoka, ndipo chovala sichinafupike. Wofiira wokhawo ndiye anatulutsa mtundu pang'ono pa kuchapa koyamba, ndiye muchape payekha. Timibulu tinayamba kuoneka pambuyo pochapa kangapo, m'khwapa ndi pamsana pomwe chitenje chimakhula mwana akaberekedwa. Timeneti dulani ndi sizasi yaing'ono. Mukamazula ndi zala mumakoka ulusi wina n'kubala timibulu tatsopano.

Kubereka kumakhudzanso mabatani, ndipo mapatani ambiri ochokera kunja saganizira zimenezi. Mwana ali kumbuyo chifuwa chake chimatsamira msana wa mayi, ndiye batani lalikulu lotukuka limamudinda. Sankhani mabatani aphwatalala, aang'ono, kapena tsegulirani juzi paphewa. Asokeni ndi ulusi wa makina wopindidwa kawiri, osati ndi ulusi wolukirawo, ndipo muziwakoka nthawi iliyonse mukachapa kuti muone ngati alimba, poti batani lothothoka limathera m'kamwa. Khosi la juzi yosatsegula kutsogolo mulitsekere ndi singano yokulirapo, ya 4.5 mm kapena 5 mm. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo mzere wotsekera ukathina juzi yokongola imakanika kudutsa pamphumi.

Ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja ulusiwu uli ndi ntchito yochepa. Sulola thukuta kuuma, ndiye mwana wofunditsidwa juzi, chipewa ndi shawelo masana amatuluka totupa m'khosi ndi pamsana. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake. Mukamva chinyezi, vulani chimodzi.

Singano zija ubwino wake ndi umodzi, koma waukulu. Mwana akalira, kapena ndiwo zikayamba kupserera, mumangokankhira masitichi onse pa kachingwe n'kuika pansi, osaopa kuti agwa. Ndi singano zowongoka, wokwawa akangosolola imodzi, masitichi 55 onse ali panja. Zozungulirazi zilibenso nsonga zazitali zobaya mnzanu m'minibasi, zimalowa m'kachikwama, moti pamzere wa kusikelo mukhoza kumaliza mizere khumi. Poluka shawelo kulemera kumakhala pamiyendo, osati pa mikono. Ndipo musaganize kuti ndi zolukira mozungulira pokha. Mukhoza kuluka kupita ndi kubwerera monga mwa masiku onse.

Zofooka zake zili polumikizira. Pamene chitsulo chikumana ndi pulasitiki pali kampata kamene kamakola ulusi, makamaka kwa a dzanja lothina, ndipo sitichi iliyonse mumachita kuikankha ndi chikhadabo. Musanalipire, yendetsani chala pamenepo. Mukamva kukanda, sankhani ina. Ya 3.25 mm ndiyo yosalimba, kachingwe kake kanayamba kusweka polumikizira pomwepo chifukwa chopindidwa kwambiri posunga, choncho muzikulunga mozungulira motakasuka, osapinda. Kachingwe katsopano kamabwera kopotana ngati nyanga ya mbuzi. Kaviikeni m'madzi otentha koma osawira kwa mphindi imodzi, kakokeni mowongoka mpaka kazizire, kagonja. Utoto wa pa aluminiyamu unayambanso kusupuka kunsonga, ndipo posupukapo pamadetsa ulusi woyera, kuusiya wotuwa. Zimachoka pochapa, koma pa shawelo yoyera yotulukira kuchipatala zimadetsa nkhawa.

Za kutalika kwa kachingwe, gulani cha masentimita 80. Cha 40 chimakoma pa chipewa cha mwana wa chaka kupita m'tsogolo, cha masitichi 88 kapena kuposa, koma masitichi a chipewa cha khanda safika kuzungulira kachingweko.

Kachipewa kakhanda kamene kanatuluka bwino ndi ulusiwu kali motere. Ikani masitichi 72 pa 3.25 mm, muwagawe pawiri, kachingwe kotsala mukasololere panja pakati pa magawowo kuti muthe kuzungulira. Onetsetsani kuti mzere woyamba sunapotoke musanalumikize, apo ayi mumasula zonse. Lukani rib ya knit (sitichi yakutsogolo) ziwiri, purl (sitichi yakuseri) ziwiri kwa masentimita 4. Sinthirani pa 4 mm, knit yokhayokha mpaka masentimita 10 kuchokera pansi. Kenako chepetsani: knit 7, ziwiri zotsatira muzilukire pamodzi zikhale sitichi imodzi, kuzungulira mzere wonse, atsala 64. Mzere wotsatira osachepetsa. Kenako knit 6, ziwiri pamodzi, atsala 56, ndipo muzitero mpaka atsale 8. Dulani ulusi, uloweni m'masitichi asanu ndi atatuwo, kokani, sokererani m'kati. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, amene ali pachifuwa cha mayi m'chisamaliro cha kangaroo, ikani masitichi 56, yambani kuchepetsa pa masentimita 8 ndi knit 5, ziwiri pamodzi. Tizingwe tomangira pachibwano musaikepo, ngakhale kambulu kokongoletsa pamwamba. Rib yokha imagwira mutu mokwanira.

Pa mtengo, tinene zoona: juzi ya pa kaunjika nthawi zambiri imatsika kuposa mipukutu iwiri ya ulusiwu. Pamene ulusi umapambana ndi pa tizinthu tosowa muyeso wake pamsika, monga tizipewa ndi masokosi a ana ochepa thupi, ndi pa juzi imene mungaiwonjezere. Mwana akatalika, masulani msoko wa mkono, dulani ulusi mzere umodzi pamwamba pa rib, tolani masitichi pa singano ya 4 mm, lukani masentimita 4 kutsika pansi, kenako rib yatsopano pa 3.25 mm. Pa ntchito imeneyi sungani magalamu 20 a mpukutu womwewo m'kathumba pamodzi ndi pepala lake, ndipo muuchape kaye kawiri musanaulukire, kuti mtundu ufanane ndi juzi imene yaona kale dzuwa ndi sopo.