Mfuti ya bambo: kuisintha dzina akadali moyo, kudikira chuma cha masiye, kapena kuisiya kupolisi

Mfuti yovomerezeka kuno ku Mozambique imayenda ndi mapepala awiri, ndipo mabanja ambiri amagwa m'mavuto chifukwa chowasokoneza. Loyamba ndi livrete, kabuku ka mfutiyo, momwe mumalembedwa kampani yopanga, kukula kwa mpope ndi nambala yake. Lachiwiri ndi licença de uso e porte, chilolezo cha munthu. Kabuku kamatsata mfuti, koma chilolezo chimathera pa mwini dzina. Mwana angakhale anakula akunyamulira bambo ake caçadeira, mfuti ya zipolopolo zomwazika, popita kudimba kukathamangitsa nguluwe, tsiku limene bambowo atsikira kulichete iye sakhala ndi chilolezo chilichonse. Chuma cha masiye chingamupatse umwini wa chitsulocho, koma mphamvu yochisunga ndi kuchigwiritsa ntchito imachokera ku PRM yokha, polisi ya dziko la Mozambique. Zonsezi zili pansi pa malamulo a mfuti ndi zipolopolo, Regulamento de Armas e Munições, Decreto 8/2007 ya pa 30 Epulo, ndipo kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu wa kundende mu lamulo la milandu, Código Penal, Lei 24/2019.

Musanayambe kukangana za woitenga, yang'anani kaye mfutiyo. AKM yotsala pa nkhondo imene inatha mu 1992 ndi chida cha nkhondo, munthu wamba sangalembetse, ngakhale itakhala m'denga zaka 30. Pisitolo imene malemu anapatsidwa kuntchito ya upolisi, usilikali kapena ulonda si ya banja, imabwerera kwa eni ntchito. Gogodela wosulidwa kumudzi alibe nambala, alibe kabuku, ndiye palibe chosintha dzina. Kuyerekeza kwathu kwa njira zinayi zotsatirazi kukukhudza mfuti imene ili ndi livrete: caçadeira ya 12, mfuti yosakira nyama, kapena pisitolo yodzitetezera imene munthu anagula yekha mwalamulo.

Njira yoyamba ndiyo kusintha dzina mwini wake akadali moyo, ndipo ife timaiona kuti ndiyo yopepuka kuposa zonse. Chifukwa chake n'choti munthu wosayina alipo. Ndondomeko yake imayamba ndi wolandira, osati wopereka. Iye amalemba requerimento, kalata yopempha chilolezo, n'kufotokoza chimene akufunira mfuti, ndipo siginecha yake ikatsimikizidwe kwa notário, mkulu wotsimikizira zikalata mwalamulo. Amaphatikizapo kope lodindidwa la BI (chiphaso cha unzika), registo criminal (pepala losonyeza ngati munthu anapalamulapo mlandu), kalata ya kuchipatala, kalata ya kumene akukhala yochokera kwa a secretário a bairro kapena a localidade (oyang'anira dera), ndi zithunzi. Mapepala amalowera ku Comando, likulu la apolisi la boma lanu, kaya ndi ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Moatize, n'kukwera ku Comando Provincial mumzinda wa Tete. Registo criminal imatha mphamvu msanga, choncho muitenge pomaliza, zina zonse zitakonzeka. Ambiri amayamba nayo, kenako n'kutha miyezi akuthamangira kalata ya dokotala, pofika pakauntala n'kuuzidwa kuti yafa kale.

Pa nthawi yonse yodikira, mfuti isachoke m'nyumba ya mwini wake. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa: bambo amati "ndakupatsa, tenga," mwana n'kuikweza pa njinga yamoto, poganiza kuti mapepala azitsatira m'mbuyo. Akakumana ndi apolisi panjira ya ku Zóbuè, olakwa ndi awiri, wonyamula ndi wopereka. Mfuti imasamuka chilolezo chikatuluka, ndiponso dzina latsopano likalembedwa pa kaundula wa polisi ndi mu livrete.

Mkati mwa njira yomweyi muli kusankha kwina: kupatsa kapena kugulitsa. Código Civil, lamulo la za katundu ndi mapangano, ndime 877, imati kholo silingagulitse katundu kwa mwana kapena mdzukulu popanda chilolezo cha ana ena, ndipo akapanda kufunsidwa angathe kukathetsa malondawo kukhothi. Kupatsa sikufuna chilolezo chawo, koma mtengo wa mphatsoyo ungadzawerengedwe pa gawo la mwanayo pogawa chuma. Komanso mphatso imene sinaperekedwe m'manja nthawi yomweyo iyenera kulembedwa, ndime 947 ikutero. Popeza mfuti simungaipereke m'manja chilolezo chisanatuluke, lembani chikalata: mayina onse awiri, manambala a BI, mtundu wa mfuti, nambala yake, tsiku. Ngati inagulidwa muli kale pabanja, amayi nawonso asayine, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti katundu wa anthu awiri anaperekedwa ndi mmodzi.

Njira yachiwiri ndi yodikira imfa, ndipo ndiyo imene mabanja ambiri amagweramo mosasankha. Ntchito zonse za njira yoyamba zilipobe, koma kutsogolo kwake kwawonjezeka zitatu: certidão de óbito (pepala la imfa), habilitação de herdeiros kwa notário yosonyeza kuti olowa m'malo ndi ndani, ndi mgwirizano wolembedwa wa olowa m'malowo woti mfuti ipite kwa uje. Pakakhala ana aang'ono, kugawa kumadzera kukhothi, ndipo pamenepo nthawi imatalika.

Vuto lenileni la njira imeneyi lili pakati pa mwambo ndi lamulo. Kwa Achewa a ku Macanga ndi Chifunde, mfuti, nkhwangwa ndi mpando wa malume zimayang'ana kwa muphwa, mwana wa mlongo wawo, ndipo pa tsiku la kumeta mwini mbumba angathe kulamula choncho anthu onse n'kuvomera. Koma Lei das Sucessões, lamulo la chuma cha masiye, Lei 23/2019, imaika patsogolo ana pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, kuphatikizapo amene ankakhala limodzi osadutsa ku Registo, kolembetsera maukwati, ngati ukwati wawo ukukwana kutchedwa união de facto. Muphwa ali kutali pa mzere umenewo. Akapita ku Comando ndi mawu a nkhoswe okha, amubweza, chifukwa pepala la notário silikumutchula. Banja likafunadi kuti mwambo utsatidwe, njira ndi ziwiri: malume alembe testamento (wilu) akadali moyo kumusiyira mfutiyo, kapena amayi ndi ana alandire kaye monga olowa m'malo, kenako amupatse mwa kulemba. Mwa ziwirizi testamento ndiyo yodula mkangano, koma tinene zoona, ndi madoda angati kumudzi amene amapita kwa notário kukalemba za imfa yawo?

Nanga pakati pa maliro ndi kutuluka kwa chilolezo, mfuti ikhale kuti? M'nyumba mulibenso munthu wololedwa. Woyang'anira chuma cha malemu, amene lamulo limamutcha cabeça-de-casal ndipo kawirikawiri amakhala amayi amasiye, apite ku Comando ndi livrete, chilolezo cha malemu ndi pepala la imfa. Apite chimanjamanja, mfuti itsale. Akafotokoze, apolisi anene ngati abwera kudzatenga okha kapena apereka kalata yonyamulira. Poisiya, musachoke popanda pepala lolandirira lokhala ndi nambala ya mfuti, chiwerengero cha zipolopolo, tsiku, dzina la wolandira ndi chidindo. Lijambuleni pafoni, mutumizireko m'bale wina. Popanda pepalali, pakadzapita chaka apolisi aja atasamutsidwa, mulibe poyambira.

Poikonza kuti ikasungidwe: lozetsani mpope pansi, chala kutali ndi chowombera, ithyoleni pakati (kuitsekula polowetsera zipolopolo), muchotse zipolopolo, musuzumire m'mipope yonse kuti kuwala kukuoneka. Pakani mafuta opepuka kunja ndi mkati, chifukwa chinyezi cha Januwale chimadya chitsulo m'chipinda chotsekedwa. Fananizani nambala ya pachitsulo ndi ya m'kabuku chilembo ndi chilembo. Pa caçadeira zambiri nambala imapezeka kunsi kwa thupi la mfuti ndiponso pansi pa mpope mukachotsa kamtengo kogwirira kutsogolo. Ikakhala yadzimbiri, musaipale ndi sandipepala kapena tupa. Nambala yopalidwa imaoneka ngati yofufutidwa dala, ndipo funso limasintha kuchoka pa "ndani alandire" kufika pa "munaitenga kuti". Gogodela ndiye musamuyese n'komwe: amatha kukhala ndi onga ndi machaka mkati kwa zaka, ndipo alibe pothyolera kuti muone.

Njira yachitatu, kubwereka kapena "kungomusungira", tiitchule chifukwa ndi yofala, koma pa muyeso uliwonse imagonja. Siilipitsa kanthu lero. Mawa mfuti ikavulaza munthu kapena ikagwidwa kufupi ndi Parque Nacional de Mágoè, nambala imaloza kwa mwini kabuku kapena kwa amayi amasiye amene sanaigwirepo n'kamodzi komwe. Chilolezo cha mfuti si chilolezo chosaka, licença de caça ndi pepala lina, ndipo lamulo loteteza zachilengedwe, Lei 16/2014 imene inakhwimitsidwa ndi Lei 5/2017, lili ndi zilango zake zapadera. M'bale amene ali kale ndi chilolezo chake ndi wosiyana ndi amene alibe, koma ngakhale iyeyo asanyamule mfuti ya dzina la wina popanda kudzera ku Comando.

Choipa koposa pa kubwerekana ndi chodutsitsa malire. Mabanja a ku Angónia ndi Tsangano ali ndi ana ku Dedza ndi ku Ntcheu, a ku Chifunde ali ndi abale ku Katete, ndipo mudzi umodzi umatha kugawidwa ndi msewu. Msewuwo kwa mfuti ndi khoma. Chilolezo cha PRM sichigwira ntchito ku Malawi kapena ku Zambia. Mwana wokhala kutsidya angafunike chilolezo chotulutsira kuno, cholowetsera uko, ndi chake cha dziko limenelo, zonse zisanafike pa chipata cha Calómuè kapena Cassacatiza. Pa caçadeira yakale ya mpope umodzi, ntchito imeneyo imaposa mtengo wa mfutiyo. Ndi bwino iye alandire gawo lake m'ndalama kapena mbuzi.

Yachinayi ndi kuitulutsa m'banja: kugulitsa kwa munthu amene ali ndi chilolezo, kudzera ku polisi monga pa njira yoyamba, kapena kuipereka ku boma osaifunanso. Kugulitsa kumathandiza pamene ana ali asanu ndipo mfuti ndi imodzi, popeza ma meticais amagawika. Wogula musamupatse chitsulo dzina lisanasinthe, ngakhale walipira zonse. Kupereka ku boma sikubweretsa kalikonse m'thumba, koma ndiyo njira yokhayo yotsala kwa AKM, gogodela ndi mfuti yopanda kabuku. Anthu a kuno si achilendo nazo: kuyambira 1995 Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inasonkhanitsa zida kudzera mu ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, posinthanitsa ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Popereka chida chotere, musachinyamule nokha kupita nacho ku esquadra, siteshoni ya polisi. Uzani a régulo (amfumu) kapena a secretário, mupite nawo kukanena, apolisi abwere adzachitenge pamalo pomwe chili.

Tikaziika pamodzi, wodwala kapena wokalamba amene sakupitanso kutchire asinthe dzina tsopano, chilolezo chake chisanathe, chifukwa chilolezo chotha ntchito chimawonjezera mafunso ena pakauntala. Banja limene lagwidwa kale ndi maliro lisungitse mfuti kupolisi sabata yomweyo, za woitenga likambirane pambuyo. Posankha munthuyo, funso loyamba lisakhale loti wamkulu ndani, koma loti ndani angavomerezedwe: wazaka zokwana, wopanda mlandu pa registo criminal, wokhala malo odziwika, amene ali ndi kabati yokhoma yosungiramo mfuti payokha ndi zipolopolo pazokha. Amene amadziwika ku esquadra ndi nkhani za kumenya mkazi kapena za kachasu, dzina lake musalilembe n'komwe pa mgwirizano, chifukwa pempho lake likakanidwa, olowa m'malo onse ayenera kubwereranso kwa notário kukasayina pepala lina.