Mankhwala othira mu thanki ndayesa, koma chitunda chinakwereka nditasintha fyuluta

Ndathira ka botolo ka injector cleaner, mankhwala otsukira ma injector (tizipangizo topemerera mafuta mu injini), mu galimoto yanga ya petulo ma thanki awiri tsopano nde ndati ndinene mmene ndakaonera, chifukwa ambirife timagula timabotolo timeneti tikuyembekezera ntchito imene si yake.

Galimoto inayamba kunjenjemera ikaima injini ikulira, komanso pa chitunda ukaponda moto imakhala ngati yatsamwa kaye kenako nkudzambatuka. Ndinasankha kamene pa lebulo palembedwa PEA, polyetheramine, mankhwala omwenso ali mu Techron, chotsukira cha kampani ya mafuta ya Chevron, amenewa amasukadi mwaye wouma umene umamatirira kukamwa kwa ma injector. Kathiridwe nkosavuta, umathira mafuta atatsala pang'ono kenako nkudzadzitsa thanki kuti zisakanikirane, osapyola muyeso walembedwa pa botolopo. Pofika thanki yachiwiri kunjenjemera kuja kunachepa ndithu, m'mawa ikulira kamodzi nkamodzi. Apo ndiye ndikuyamikira, ntchito yake kanagwira.

Koma pa chitunda sipanasinthe kanthu olo pang'ono, ndipo ku thanki kumbuyoku kunayamba kumveka kaphokoso ka pampu ngati udzudzu. Amakaniko atachotsa fyuluta ya mafuta nkuipendeka mbali yolowera, zimene zinatuluka mmenemo eee, petulo wofiirira, dzimbiri, timchenga. Mkati mwa fyuluta muli pepala lopindapinda logwira zinyalala, likadzadza ladzadza basi, palibe mankhwala othira mu thanki angasungunule mchenga kapena dzimbiri. Nchifukwa chake galimoto ikangoima imaoneka ngati ili bwino poti ikumwa mafuta ochepa ndipo akudutsabe, koma pa chitunda kapena popitirira lole injini ikufuna ambiri nthawi imodzi, njira yatsekeka, nde imabanika. Amene amazunzika kwambiri ndi pampu, imakankha movutikira mpaka kutentha, ndipo pampu ndiyodula kutalitali kuyerekeza ndi fyuluta. Izi zimandiwawa ndikaona munthu akungothira botolo pa botolo pampu ikulira. Titaika fyuluta yatsopano chitunda chomwe chija ndinakwera osatsitsa giya.

A dizilo inu ndiye musamale kuposa ife. Injini zambiri za dizilo zamakono, zotchedwa common rail, zimapopa mafuta ndi mphamvu yoposa ma bar 1,500 (bar ndi muyeso wa mphamvu yopopera), ka madzi kapena ka fumbi kakafika ku ma injector kamawononga msanga. Fyuluta zambiri za dizilo zili ndi potsegula pansi pokhetsera madzi, nyali ya madzi ikayaka pa dashboard khetsani tsiku lomwelo. Madzi akakhalitsa mu thanki mumaswana tizilombo timene timapanga zakuda zonanda, mankhwala a biocide amatiphadi koma zakufazo zimakathera mu fyuluta momwemo, nde mukathira amenewo konzekeranitu kusintha. Mukasintha musaiwale kupopa ka pampu ka pamanja kuti mpweya utuluke, apo bii muliza sitata mpaka batire kutha.

Za nthawi yosinthira onani buku la galimoto yanu, zimasiyana, ndipo galimoto zambiri zatsopano za petulo fyuluta ili mu thanki limodzi ndi pampu moti simungaione pansi. Ngati mumayenda m'misewu ya fumbi kapena mumathira za m'zigubu, musadikire makilomita alembedwawo akwane.

Ka botoloko ndidzagulanso, mwa apo ndi apo osati thanki iliyonse. Amene mumakonda kusintha nokha fyuluta ya petulo, zulani kaye fyuzi ya pampu mulize injini mpaka izime yokha kuti mafuta asakuthovukireni kumaso, ndipo pomanga yang'anani ka muvi kali pa fyulutayo, kaloze ku injini.