Buku la ana la nkhani za mafarao: ndalipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndinaligula mu Disembala pa sitolo ina ya mabuku ku Lilongwe, ana atatsekera sukulu, chifukwa ndinatopa ndi kulimbirana foni kwa tsiku ndi tsiku. Ndi buku la Chingerezi la zithunzi zambiri, ndipo mutu uliwonse umakamba za mfumu imodzi ya ku Egypt wakale. Talimaliza kawiri tsopano, ndiye ndili ndi pakamwa ponenera.

Ana anga, mnyamata wa sitandade 6 ndi mlongo wake wa sitandade 3, ankadziwa Farao mmodzi yekha, wouma mtima uja wa ku Sande sukulu. Ankayesa kuti Farao ndi dzina la munthu. Usiku woyamba, magetsi atathima, tikuwerenga ndi tochi, mnyamatayo anandidula mawu: "Ababa, ndiye Iguputo wa Mose uja ndi kwawo kwa Salah?" Pomwepo ndinadziwa kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Chomwe wolemba anachita bwino n'chakuti sanayambe ndi zaka zoti mwana aloweze pamtima. Anayamba ndi munthu. Mtsikanayu anakodwa ndi Hatshepsut, mayi amene analamulira zaka pafupifupi 20 ndipo pa ziboliboli zake amaoneka ndi ndevu zachifumu zochita kumangirira pachibwano. Bukuli likusimba za zombo zomwe anatumiza ku dziko la Punt, zomwe zinabwerako ndi minyanga ya njovu, anyani ndi mitengo ya mure yamoyo yoti akaidzale. Titafika pomwe akuti patapita zaka atamwalira, mu ulamuliro wa Thutmose III, dzina lake linagobedwa kulichotsa pa makoma, mwanayo anakwiya ngati amuchitira iyeyo. Chimanga chitayamba kubereka anakathyola ndevu zake kuseri kwa nyumba, n'kuzimanga ndi ulusi pachibwano, n'kumalamula mchimwene wake kuti akatunge madzi. Sanapite.

Tutankhamun ndiye aliyense amamuyembekezera. Analowa ufumu ali ndi zaka ngati 9, n'kumwalira asanakwane 20. Manda ake anawapeza Howard Carter, wofukula zakale wa ku Britain, mu 1922, muli zinthu zoposa 5,000. Chigoba cha golide chophimba nkhope yake chimalemera makilogalamu pafupifupi 10, ndipo kuti amvetse ndinawauza aganize mapaketi 10 a shuga ali pamutu.

Koma mutu womwe unandipindulira ine monga kholo ndi wa Ramesses II, amene anakhala pampando zaka 66. Cha m'ma 1274 BC anamenyana ndi Ahiti ku Kadesh, nkhondo n'kutha popanda wopambana weniweni, koma iye atabwerera kwawo analembetsa pa makoma a akachisi kuti adani anawagonjetsa pafupifupi yekha. Patapita zaka ngati 15 mbali ziwirizi zinasainirana pangano la mtendere. Bukuli silibisa kudzitama kwakeko. Mnyamata uja anaseka n'kuti, "Ngati timu yomwe yachita dulo koma ikuvina." Tinachezera pamenepo, kukambirana kuti mwini khoma ndi amene amasankha zolembapo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa zomveka. Kuchoka pa Ramesses bukuli likudumpha mpaka kwa Cleopatra, amene anamwalira mu 30 BC, ngati kuti zaka zoposa 1,000 zapakatipo anthu anali m'tulo. M'kati mwa zaka zimenezo muli mafumu a ku Kush, dera la Sudan ya lero, monga Piye ndi Taharqa, amene analamulira Egypt yense. Taharqa ali ngakhale m'Baibulo, pa 2 Mafumu 19:9, pomwe akutchedwa Tirihaka. Buku lophunzitsa ana za mafarao kusiya amenewa, ine zinandiwawa, ndipo ndinachita kuwonjezera pakamwa.

China ndi chithunzi cha m'mutu wokamba za mfumu Khufu. Manambala ali bwino: piramidi yake ya ku Giza inali yotalika mamita 146, ya miyala yoposa 2 miliyoni. Koma wojambula anaikapo akapitawo a zikwapu ndi anthu omangidwa, pamene ofukula zakale anapeza pafupi pomwepo mudzi wa antchito, mophikira buledi ndi manda omwe antchitowo anaikidwa mwaulemu. Anthu wamba, alimi odalira kusefukira kwa Nile, m'bukuli amangooneka ngati nyerere kumbuyo kwa mfumu.

Chingerezi chake n'cholemera kwa mwana wa sitandade 3, ndiye konzekani kumasulira. Mapu ndi aang'ono, ndipo sakufotokoza kuti Nile amayenda kuchoka kummwera kupita kumpoto, chomwe n'chifukwa chake Upper Egypt, kutanthauza Egypt wakumtunda kwa mtsinjewo, ali kumunsi kwa pepala. Tsamba la kuumitsa mitembo, lonena zotulutsa ubongo kudzera m'mphuno, musaliwerenge nthawi yogona. Ife tinaphunzira mochedwa, mtsikana uja anagona kwa amayi ake masiku awiri.

Chikuto n'cholimba, koma masamba apakati anayamba kuthothoka mwezi wachiwiri. Ndawamata ndi selotepi, ndipo panopa bukuli lili kwa ana a achemwali anga ku Mchinji.