Ndemanga: Lole yomwe inatinyamulira zipangizo zomangira kumapiri a ku Bembeke

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5, ndipo ndifotokoza komwe imodziyo yapita.

Tamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa Bembeke m'boma la Dedza, pamalo pomwe a mfumu anatipatsa kuchokera kumbali ya amayi anga. Nthambo za magetsi sizinafikeko, mjigo uli kutali, ndipo msewu woti galimoto ingadutse umathera pamtunda, malo athuwo ali kutsidya kwa khwawa. Tinkafuna munthu woti atinyamulire simenti, malata, matabwa, zitsulo za ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), thanki ya madzi ndi zipangizo za sola kuchokera ku Lilongwe, komanso wotipezera anyamata olambula malo. Tinapeza bambo wina wa lole ya matani atatu, mmodzi mwa aja amaima pafupi ndi mashopu a zomangira ku Malangalanga.

Chomwe chinandikopa ndi chakuti anakana kutchula mtengo asanaone njira. Ena omwe ndinawafunsa amangoti "ku Dedza pompa, tikafika," osafunsa n'komwe kuti ku Dedza kwake mbali iti. Bambowa anati ndiwalipirire basi ndi kabaza, apite akaone okha. Anayenda wapansi kuchokera pomwe msewu umathera mpaka pamalopo, n'kuponda pakamlatho ka mitengo kali pakhwawa paja, n'kukanda mtengo umodzi ndi kiyi. Unali wofumbwa mkati. Anandiuza mosabisa kuti, "Achimwene, lole yanga apa sidutsa, ngakhale yopanda katundu. Tikatsitsira pamtunda, kwatsalako ndi kwa ngolo." Mawu amenewo ndi omwe anapulumutsa ndalama zanga, chifukwa lole ikagwera m'khwawa kutchire ngati kumene kuja, yoikoka imachokera kutali ndipo mtengo wake ndi wina.

Anatilangizanso za nyengo. Ife timafuna kuyamba mvula isanathe, iwo anati tidikire anthu akolole. Dothi lofiira la kumeneko likanyowa limaterera, ndipo njira ya ngolo imadutsa m'mphepete mwa minda ya eni ake, choncho chimanga chili m'munda simungadutsemo popanda mlandu. Tinayamba mu June. Ngakhale apo, anaonetsetsa kuti njirayo ilambalale madimba a kachewere omwe anthu amathirira nthawi yozizira, ndipo anapita nane kwa a mfumu kukapempha podutsa. Mmene anawalankhulira a mfumuwo, atavula chipewa, mawu ali pansi, zinatithandiza kwambiri kuposa mmene ndingafotokozere.

Kakwezedwe ka katundu n'komwe ndinaonera kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndiye lole ya matani atatu imayenera kunyamula matumba 60 basi. Ine ndimafuna tiwonjezere matabwa ndi malata pamwamba kuti tichepetse maulendo. Anakana. Anati pa M1 ikhoza kupirira, koma pa zitunda za fumbi kilatchi ipsa ndipo masipuling'i athyoka. Simenti anaiyika kutsogolo, pafupi ndi kumutu kwa lole, n'kuifunditsa tenti ngakhale kunali kopanda mvula. Nditafunsa, anati ku Dedza mu June ndi July nkhungu ndi mawawa a chiperoni amanyowetsa katundu munthu osazindikira. Malata anawagoneka pa matabwa, n'kuika makatoni m'mphepete pomwe chingwe chimadutsa kuti asapindike. Ma panel a sola anakana kuwaika kumbuyo. Anawakulunga m'bulangete, n'kuwaimika chilili kuseri kwa mpando wawo, mabatire ali pansi kumapazi a wowathandizira. Zonse zinafika zili bwinobwino, popanda ndi mng'alu womwe.

Anandikumbutsanso kusunga malisiti a matabwa ndi chikalata chake, poti pa ma roadblock amafunsa komwe matabwa achokera. Ndalama ya pa toll gate ya Kalinyeke anaiphatikiza mu mtengo kuyambira pachiyambi, sanadzandidzidzimutse nayo panjira.

Mbali ya ngolo anaikonza okha. Anakambirana ndi eni ngolo awiri a m'mudzimo, ndipo anauza anyamata kuti asagwiritse ntchito kamlatho kaja koma adule gombe pamalo osaya, n'kuyalapo miyala kuti ng'ombe ziwoloke. Ndinaima pamenepo kuonerera ngolo yoyamba: ng'ombe zinazengereza, mnyamata wina anatsogola atagwira chingwe, ena awiri kumbuyo ali ndi miyala m'manja yotchingira mateyala ngolo ikafuna kubwerera. Pomwe lole imatsitsira anamangapo kachisakasa, pansi n'kuyala mitengo kuti simenti isakhudze dothi, ndipo anauza mlonda kuti matumba asasanjikizidwe kupitirira khumi.

Za mchenga ndi miyala anandiuza kuti kuzitenga ku Lilongwe n'kutaya ndalama. Mchenga wa kumtsinje unapezeka pafupi, miyala ya maziko inali paphiri pomwepo, ndipo amayi a m'mudzimo anaiphwanya pa ganyu. Munthu wina akanangokhala chete kuti maulendo a lole yake achuluke.

Anyamata omwe anabwera nawo kudzalambula malo anagwira ntchito yolimba. Anazula zitsa ndi mizu yomwe, osati kungodula pamwamba, chifukwa chitsa chotsala pansi pa maziko chimaola n'kusiya mphako, komanso chimaitana chiswe. Pakona ina panali chulu chaching'ono. Anachikumba mpaka kupeza make chiswe, n'kundionetsa ali pafosholo, woyera, wonenepa ngati chala chachikulu. Kenako tinathira mankhwala a chiswe m'ngalande za maziko. Popeza malowo ndi otsetsereka, anakumba ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi a mvula azipatukira m'mbali. Mvula yoyamba itagwa, madzi anatsata ngalandeyo ndipo khoma silinanyowe. Mitengo ya masuku yomwe ndinawauza kuti asadule anaisiya yonse, ndipo apa ndikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima, chifukwa mapiri ambiri a kwathu ayera kale.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Choyamba ndi nthawi. Tsiku lina tinagwirizana kuti afika m'mawa, amisiri n'kukhala akudikira, koma lole inafika dzuwa litapendeka. Chifukwa chake chinali chomveka, anali pamzere wa dizilo, koma sanaimbe foni kapena kutumiza uthenga. Kumalo athuwo netiweki imagwira pachitunda chimodzi chokha, choncho munthu umakwera n'kutsika kangapo kufuna kumva komwe katundu ali. Amisiri ndinawalipira tsikulo osagwira ntchito. Uthenga umodzi usiku wake ukanakwanira.

Chachiwiri ndi mabuloko a simenti. Tinasankha mabuloko m'malo mwa njerwa zootcha pofuna kupewa kudula mitengo, koma wothandizira wa bambo wa loleyo amawaponya potsitsa, makamaka bwana wake akachokapo. Angapo anasweka. Nditadandaula, bambowo anamudzudzula pamaso panga ndipo anachotsako ndalama pang'ono pa ulendo wotsatira, koma mabuloko oswekawo anali atalipiriridwa kale mayendedwe.

Chachitatu, ntchito yotunga madzi m'migolo kuchokera kumtsinje sinatchulidwe pokambirana, ndipo inadzabwera ngati ndalama yapadera. Kumanga kumadya madzi ambiri, kusakaniza simenti komanso kuthirira maziko kuti alimbe, ndiye munthu amene anaona malowo ndi maso ake anayenera kunena zimenezi poyamba.

Kwa inu amene mukufuna kumanga kutali ndi msewu: lembani mgwirizano papepala, mutchulemo otsitsa katundu, ngolo, madzi ndi yemwe alipire katundu akasweka. Lipirani theka pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni ukhalepo, theka linalo katundu akafika n'kuwerengedwa. Ndipo wa lole amene akukana kukaona njira musanagwirizane, musiyeni. Bambowa ndidzawaitananso chaka chamawa tikamanga khitchini ndi bafa, ndipo msuweni wanga amene akumanga cha ku Golomoti ndamupatsa kale nambala yawo, poti zokhotakhota za pa Khwekhwelere zimafuna dalaivala wodekha ngati ameneyu.