Miyezi isanu ndi itatu tikuphunzitsana ntchito ndi Kahoot! pa loji yathu

Ndimayang'anira antchito 14 pa loji yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja, pamsewu wochoka ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. M'mwezi wa Marichi tinayamba kugwiritsa ntchito Kahoot! pa maphunziro athu a Lolemba m'mawa, alendo a kumapeto kwa sabata atapita. Masiku oyambawo ndinkaitamanda kwa aliyense. Pano ndikuigwiritsabe ntchito, koma osati mmene ndinayambira.

Kwa amene simukuidziwa, ndi masewera a mafunso ochokera ku Norway, ndipo anatuluka mu 2013. Wophunzitsa amakonza mafunso pa laputopu, aliyense amalowa ndi foni yake polemba nambala imene yaoneka, kenako amasankha yankho pa mitundu inayi: wofiira, wabuluu, wachikasu ndi wobiriwira. Woyankha molondola komanso mwamsanga ndiye amakolola mapointi ambiri, mpaka 1,000 pa funso limodzi.

Ubwino wake ulipo ndithu. Kale ndikaima kutsogolo n'kumawerenga malamulo a ukhondo, anthu ankawodzera. Ife a ku Mangochi kolera wa mu 2022 ndi 2023 tinamuona ndi maso athu, choncho kusamba m'manja ndi kuthira klorini m'madzi si nkhani yoti munthu azigona nayo tulo. Nditaisandutsa mafunso, inalowa m'mitu. Operekera zakudya nawonso sadodomanso mlendo akafunsa za Lake Malawi National Park. Amayankha kuti inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake monga mbuna.

Vuto ndinalizindikira mochedwa, mu Juni, mwera ukuwomba. Akulu athu ophika, bambo amene anayamba kuwotcha chambo ine ndisanabadwe, ankatsalira m'mbuyo sabata iliyonse, anyamata n'kumaseka. Tsiku lina ndinawayang'anitsitsa. Anagwira foni yobwereka ndi manja awiri, kuiyandikitsa kumaso, milomo ikuyenda powerenga, nthawi n'kutha asanadine kalikonse. Funso lake linali la mmene ungadziwire nsomba yoyamba kuwonongeka. Munthu woti amangoyang'ana diso la chambo, kudina mnofu ndi chala, n'kukuuza kuti yagona kapena ndi ya lero! Titatuluka anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, kanthu aka kakundithamangitsa ngati ndaba. Lolemba likudzali mundilole ndikhale kukhitchini." Mtima unandiwawa tsiku lonse, chifukwa amene ndinawachititsa manyazi pamaso pa ana ndine.

Masewerawa ukawasiya mmene alili, amayesa liwiro la chala ndi la kuwerenga. Kudziwa ntchito kumabwera pambuyo. Nanenso ndinawonjezera moto polemba mafunso m'Chingerezi, pomwe theka la antchito athu kunyumba amalankhula Chiyao.

Ndiye tinasintha. Mafunso onse tsopano ali m'Chichewa, ndimawawerenga mokweza, ndipo mnzathu wina amabwereza m'Chiyao. Nthawi tinaichotsa pa masekondi 20 kuifikitsa pa 60. Chachikulu, tinasiya zoti aliyense payekha. Timakhala m'magulu a anthu atatu kapena anayi pa foni imodzi, wakukhitchini, wokonza zipinda, wabwato ndi mlonda, ndipo palibe kudina musanagwirizane. Apa alonda athu a timafoni ta mabatani analowa nawo, bandulo nayo inayamba kukhalitsa. Chimene sindinayembekezere n'chakuti anthu oti ankangopatsana moni pageti anayamba kufunsana za ntchito zawo. Wokonza zipinda anadziwira pamenepo chifukwa chake wabwato amakana kutenga alendo mwera ukakula, n'kusiya kumunena kuti ndi waulesi.

Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, zonse zimaima. Tinadula makatoni anayi a mitundu ija, gulu limangokweza m'mwamba, ndipo zimayenda bwinobwino. Za mlendo wokwiya chifukwa madzi otentha sakutuluka, zimenezo mayankho anayi sangaziphunzitse. Timachita kasewero, wina kukhala mlendo, wina womulandira, enafe n'kumakonza pamene palakwika.

Amene muli ndi gulu laling'ono, yambani ndi Kahoot! yaulere, koma muyang'ane kaye chiwerengero cha osewera chimene ikulola, ndipo muyambire m'magulu. Mafunso a kukhitchini pano amakonza ndi akulu ophika aja. Lolemba lapitali anabwera ndi chambo ziwiri m'mbale, ina ya m'mawa womwewo, ina yogona, n'kuuza gulu lililonse kuti ligwire ndi kununkhiza lisanadine. Magulu awiri anaphonya, ndipo anawabwezera mbaleyo kuti ayesenso.