Buku lonena za Cecil Rhodes ndi labwino, koma wogulitsa anandidyera masuku pamutu

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri zachokazo ndi mlandu wa mnyamata woyala mabuku pakhonde la sitolo m'tauni muno, osati wa wolemba. K9,000 buku lakaunjika! Kunenerera anakana, ati "bwana, umu muli chinsinsi chonse, Rhodes ankagona ndi amuna anzake." Linali m'pulasitiki ndipo sanalole kuti nditsegule.

Kufika kunyumba ku Chilomoni, ndinapeza kuti m'mutu wonena za mnzake wa Rhodes, Neville Pickering, womwe ndinagulira bukuli, masamba ena anang'ambidwa. Otsalawo wina anawalembalemba mavesi ndi bolopeni yofiira. Nditabwerera, mnyamatayo anayamba wakana kuti sandidziwa, kenako ati mwina ang'amba ndi ana anga, pomaliza ati katundu akapita sabwerera. Anzake oyala pafupi akungoseka, ine nditaima ngati ndabwera kudzapempha. Mwanoyo ndiye anandiwawa kuposa ndalama.

Koma mtima utatsika ndinawerenga, ndipo sindinama, bukuli lili ndi nyama. Pickering anali mlembi wa De Beers, kampani ya Rhodes ya migodi ya dayamondi, ankakhala nyumba imodzi ndi Rhodes ku Kimberley ku South Africa. Mu 1882 Rhodes analemba wilo yomusiyira chuma chake chonse. Mu 1886, anthu akulimbirana malo a golide ku Witwatersrand, anamva kuti mnzakeyo wadwalika, n'kusiya zonse kuthamangira kukamudwazika mpaka anamwalira. Munthu wokonda ndalama ngati uja! Rhodes sanakwatire mpaka imfa yake mu 1902, ankati ntchito yamuchulukira, ndipo alembi ake achinyamata akakwatira zinkamunyansa.

Chomwe wogulitsa analonjeza mulibemo. Wolemba akuyala zimenezi n'kunena poyera kuti palibe kalata kapena mboni yotsimikiza kuti awiriwa ankagonana, komanso kuti akatswiri a mbiri yakale amasiyana maganizo. Poyamba ndinaona ngati akuzemba, koma n'chilungamo. Ofuna miseche mukhumudwa.

Dandaulo langa kwa wolemba ndi lakuti za kuno wangozilambalala. Kampani ya Rhodes inkapatsa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda kuno, mapaundi 10,000 pachaka oyendetsera dziko lino kuyambira 1891, koma nkhaniyi yapatsidwa ndime imodzi yokha, pamene ya Princess Radziwill, mayi amene anabera siginecha ya Rhodes, yadya mutu wathunthu.

Bukuli ligwireni mukalipeza lathunthu. Kwa mnyamata uja sindidzagulako ngakhale nyuzipepala yokulungira mandasi.