Topu ya laminate m'khitchini mwathu ku Chilenje: ndi yabwino, koma yang'anirani podula

Kwa inu amene mukumanga kapena kukonza khitchini muno mu Lusaka ndipo mukudzifunsa ngati topu ya laminate, ija yogoneka pamwamba pa makabati imene ambiri timangoitcha Formica, ndi yoyenera ndalama zanu, yankho langa ndi lakuti inde. Yathu inaikidwa mu 2023, ndipo timaphikirapo tsiku ndi tsiku, banja lalikulu ndithu, kuphatikizapo alendo osatha a kumudzi. Pamwamba pake mpaka lero m'posalala, mtundu sunasuluke. Pamene pavuta ndi pamodzi pokha, kumbuyo kwa sinki, ndipo vutolo linachokera ku dzanja la amene anadula, osati ku laminate. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Poyamba mtima unali pa granite, monga zimakhalira ndi aliyense amene waona khitchini ya mnzake ikunyezimira. Titaphatikiza mtengo wa mwala, wodula, wonyamula ndi woika, ndalama zake zinaposa kawiri za laminate, komanso makabati athu akanafunika kuwalimbitsa kaye chifukwa mwala ndi wolemera. Njira ina inali ija yozolowereka yothira silabu ya simenti n'kumata matailosi pamwamba. Kulimba kwake palibe angatsutse, koma ine ndinakulira m'khitchini yotero ndipo ndikudziwa mmene mizere ya pakati pa matailosi imadera ndi mafuta, ndi mmene ufa umakanirira mmenemo ukamakanda vitumbuwa. Ndinkafuna malo oti ndikapukuta kamodzi, basi zatha.

Ndi bwino kudziwa chimene mukugula, chifukwa ogulitsa ambiri safotokoza. Laminate si pulasitiki yokhayokha ayi. Ndi mapepala olimba a kraft oviikidwa mu utomoni wa phenolic n'kusanjikizidwa, pamwamba pake n'kuikapo pepala la mtundu, kapena losindikizidwa maonekedwe a mwala kapena a thabwa, loviikidwa mu utomoni wa melamine. Zonsezi amazipanikiza mwamphamvu pa kutentha kwakukulu mpaka zigwirane zikhale khungu limodzi lolimba. Kampani ya Formica inayamba mu 1913 ku Cincinnati, ku America, ikupanga zinthu zotetezera pa zamagetsi, za m'khitchini zinadza pambuyo, ndipo lero opanga laminate ndi ambiri. Khungulo ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo. Thupi lonse la topu, lochindikala mamilimita 32 ndi lotambalala mamilimita 600 pa zambiri zimene zimagulitsidwa kuno, ndi chipboard, tizidutswa ta mitengo topanikizidwa ndi guluu. Khungu sililowa madzi. Chipboard imamwa madzi, imafufuma ngati buledi wogwera mu tiyi, ndipo ikafufuma sibwereranso mwakale ngakhale muiumitse padzuwa la Okutobala.

Pogula samalani ndi zinthu ziwiri zimene zimafanana m'maso. Amisiri ena, pofuna kutsitsa mtengo kuti apate ntchito, amadula bolodi ya melamine, ija ya mamilimita 16 yopangira mbali ndi zitseko za makabati, n'kuigoneka pamwamba ngati topu. Tsiku loyamba imaoneka bwino. Koma pepala la pamwamba pake ndi lopyapyala kwambiri, silinapangidwire kukhulidwa ndi mapoto, ndipo posachedwa mumaona thabwa la mkati likusuzumira. Topu yeniyeni muidziwa poyang'ana m'mphepete mwakutsogolo: ndi yochindikala, yozungulira, ndipo laminate imachokera pamwamba n'kupinda mpaka kunsi popanda polumikiza. Amisiri amaitcha postform, ndipo imabwera yopindidwa kale kuchokera ku fakitale. Yathu ndi imeneyo, ndipo kupindako ndi kumene ndimakukonda kwambiri, chifukwa madzi akatsetsereka sapeza polowera, ndipo palibe kansonga kokola chitenje kapena kobaya mwana pamphumi. Muigwire ndi kunsi komwe. Yabwino imakhala ndi pepala lotchinga kunsi ndi kamzere ka guluu kotseka pamene laminate yathera. Ena amagulitsanso ya chipboard yopirirako chinyezi, imene kawirikawiri mkati mwake mumaoneka mobiriwira. Ikapezeka, onjezerani ndalama mutenge imeneyo, ngakhale kuti nayonso siifuna kukhala m'madzi.

Palinso njira ina imene ndinaiganizira kwambiri. Ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ndi m'malo ena a amisiri, alipo aluso amene amagula shiti ya laminate, ija ya mamilimita 2440 kwa 1220, n'kuimata okha pa plywood kapena blockboard ndi guluu wa contact. Ubwino wake ndi wakuti plywood imapirira madzi kuposa chipboard, ndipo ngati khitchini yanu ili ndi makona achilendo kapena mukufuna topu yotambalala kuposa mamilimita 600, amakupangirani ndendende. Kuipa kwake, m'mphepete mumakhala mwa kona, ndi kamzere kakuda kooneka pamene mashiti akumana, ndipo zonse zimadalira luso la womata. Guluu akapaka mosakwanira kapena akamata asanaume moyenera, laminate imatukuka pakati nyengo yotentha. Mukasankha njirayi, pemphani mmisiri akuonetseni ntchito imene anaigwira kale m'nyumba ya munthu, osati yatsopano imene ili pa shedi.

Za mtundu ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene Lusaka amasiyana ndi zithunzi za pa Facebook. Mzinda wathu unakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi ambiri amene timagwiritsa ntchito, makamaka a pansi pa nthaka, ali ndi laimu wambiri. Aliyense amadziwa zoyera zimene zimagwira mkati mwa ketulo. Zomwezo zimatsala pa topu dontho lililonse likauma. Pa topu yakuda yonyezimira, imene imakopa kwambiri mu shopu, madontho amenewa amaoneka onse, limodzi ndi zala za ana ndi fumbi la Ogasiti ndi Seputembala. Alamu anga ku Chelstone ali ndi yotero, ndipo nsalu siichoka m'manja mwawo. Yoyera mbee nayonso imaonetsa tiyi ndi supu ya tomato. Ife tinatenga yotuwa, ya timadonthomadontho ta mwala, yosanyezimira, ndipo imabisa zonse ziwiri, laimu ndi timikwingwirima ta mapoto. Pemphani kachidutswa ka chitsanzo mupite nako kunyumba, mukaike pafupi ndi zenera la khitchini yanu, mudonthezepo madzi a pampope wanu n'kuwasiya aume. Magetsi a mu shopu amakometsa chilichonse.

Tsopano za sinki. Mmisiri amene anaika topu yathu anadula bowo, n'kulowetsa sinki, n'kupaka silikoni kunja kokha mozungulira. Zinkaoneka zaukhondo. Patapita miyezi, kumbuyo kwa mpope kunayamba kukwera pang'ono, ndipo ukadutsitsa chala unkamva kamtunda. Madzi ankadutsa pamene silikoni inasiya kampata, n'kukafika pa chipboard yosatetezedwa. Tinaitana mmisiri wina, bambo wachikulire, ndipo atachotsa sinki anandiitana kuti ndione. “Amayi, apa anasiya bala losamanga. Topu mukaidula mwaivulaza. Podulapo ponse pamafunika kupaka silikoni kapena vanishi mpaka thabwa lisaonekenso, kenako sinki ilowe.” Anapala pofufumapo, anasiya kuti paume, anapaka m'mbali monse mwa bowo, n'kubwezera sinki pa silikoni yatsopano yopakidwa kunsi kwa mlomo wake. Kufufuma kunaima, koma kamtundako kalipobe ndipo kadzakhalapo mpaka topu idzasinthidwe. Zimandipweteka ndikakaona, chifukwa ntchito yopewera zimenezi ndi ya kanthawi kochepa ndi chubu chimodzi cha silikoni.

Bambo yemweyo anandionetsa zinanso ziwiri. Makona a bowo la sinki ayenera kukhala ozungulira pang'ono, oyamba ndi dirilo, chifukwa kona yosongoka ndi pamene laminate imayambira kung'aluka. Ndipo mpope ndi bwino udutse pa chitsulo cha sinki kapena uchokere kukhoma, osati kuboola topu, chifukwa mpope uliwonse tsiku lina udzadontha patsinde. Sinki yake ikhale ija yokhala pamwamba, ya mlomo wophimba podula. Zija zolowa kunsi zimene mumaziona pa granite sizigwirizana ndi topu ya chipboard, chifukwa zimasiya podula pamtunda pomwe madzi amagwera.

Pakona pamene matopu awiri akumana, ife anatiikira kachitsulo ka aluminiyamu. Ndi njira yachangu ndi yotchipa, koma kunsi kwa kachitsuloko kumabisala ufa ndi nyenyeswa, ndipo ndimachita kutokosa ndi mswachi wakale. Amisiri amene ali ndi makina a router amatha kudula mbali ziwirizo kuti zigwirane, n'kuzimanga ndi mabawuti kunsi, pakati atapaka guluu wosalowa madzi. Zimaoneka bwino kwambiri, ndipo ndi zoyenera kulipira. Njira iliyonse imene mwasankha, polumikiza pakhale patali ndi sinki, ndipo ketulo kapena chidebe cha madzi chisamakhale pamenepo. Ambiri a ife timasunga madzi m'zidebe chifukwa pampope satuluka nthawi zonse, ndipo chidebe chonyowa kunsi chikagona usiku wonse pa mzere wolumikiza, chimachita zomwe sinki inachita kwathu. Kumbuyo, pamene topu yakumana ndi matailosi a khoma, napo pafunika mzere wa silikoni, ndipo ukayamba kuda kapena kumatuka muuchotse muike wina.

Kutentha ndi mdani wachiwiri. Kapu ya tiyi kapena mbale ya ndiwo palibe vuto. Poto wochoka pamoto ndi nkhani ina. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuthima maola ambiri pa tsiku, mbaula inabwerera m'makomo ambiri, ngakhale mwa anthu amene anali ataiiwala. Poto wa nsima wochoka pa malasha amakhala wotentha kunsi kuposa wa pa sitovu, ndipo munthu akamalowa naye m'nyumba akupsa m'manja amangomutula pamene pali pafupi. Kwa alamu anga aja kunatsala chizindikiro chozungulira, chofiirira, chotukuka pakati. Chimenecho sichichoka, chifukwa mtundu wa topu uli pa pepala limodzi lokha, ndipo palibe choti mupale kuti mupeze wina pansi pake monga mungachitire ndi thabwa kapena mwala. Kwathu tinaika matailosi awiri otsala pomanga pafupi ndi sitovu, ndipo aliyense, ngakhale apongozi akabwera, amadziwa kuti poto amatera pamenepo. Sitovu ya gasi ya mbale ziwiri imakhala bwino pa topu chifukwa ili ndi miyendo, bola poto wamkulu asapendekere moto kumbali.

Mpeni nawo usamafike pa laminate. Dulirani pa thabwa, kaya ndi repu kaya ndi nkhuku. Kamtondo kosinjira nsinjiro kapena adyo katsike pansi, chifukwa kugunda kobwerezabwereza kumatha kuswa khungulo, makamaka pafupi ndi m'mphepete. Kupatula pamenepo, kusamala kwake n'kosavuta kuposa china chilichonse chimene ndinagwiritsapo ntchito. Nsalu yonyowa ndi sopo wotsukira mbale zimakwana. Mafuta a kapenta, phala louma, madzi a chibwabwa, zonse zimachoka. Curry ndi beetroot zikakhalitsa zimasiya mtundu, koma soda wophikira wosakaniza ndi madzi pang'ono amachotsa mukapaka mofatsa. Madontho a laimu amachoka ndi viniga wosungunula m'madzi, kenako mupukute ndi madzi okha. Steel wool, phulusa ndi ufa wokwechera mapoto musayese, zimapha kusalala kwake ndipo pamenepo m'pamene litsiro limayamba kugwira. Pa ntchito yokanda ufa wa sikono ndi vitumbuwa, imene ndinaigulira, yandikwanira kotheratu. Mbale kapena kapu ikagwa kuchokera m'manja sisweka msanga monga zimachitikira pa mwala, ndipo khitchini imakhala yopanda phokoso lambiri.

Sindingailimbikitse kwa aliyense. Ngati khitchini yanu ili panja kapena pakhonde pamene mvula ya Disembala imawaza, ngati nyumba ili ndi chinyezi chokwera m'makoma, kapena ngati mukumanga nyumba ya lendi imene simudzaiona kawirikawiri, silabu ya simenti kapena granite idzakupumitsani. Chimodzimodzi malo ophikira zogulitsa, kumene mapoto akuluakulu amatsika pamoto tsiku lonse. Kumene kuli chiswe, thirani mankhwala kaye ndipo makabati akhale pa miyendo kapena pa kasitepe ka simenti, chifukwa chiswe chikalowa m'makabati chimakwera mpaka ku topu. Koma kwa banja limene likukhala m'nyumba yakeyake, lili ndi ndalama zowerengeka, ndipo likufuna khitchini yaukhondo lero osati zaka zikubwerazo, imagwira ntchito yake mokwanira, ndipo ikadzatopa kuisintha n'kosavuta, mumangomasula masikuluwu kunsi osagwetsa khoma.

Ponyamula, topu igone pamalo osalala m'galimoto, isalendewere kumbuyo, ndipo nyengo ya mvula muiphimbe. Ikafika kunyumba isaimikidwe motsamira khoma kwa nthawi yaitali chifukwa imapindika. Tsiku loika mukhalepo nokha, muone podula ponse patapakidwa sinki isanalowe, muonenso kuti mbali zakumapeto azitseka ndi kachidutswa ka laminate ka mtundu womwewo, ndipo ndalama yomaliza muipereke mutathira madzi mozungulira sinki n'kusuzumira kunsi ndi tochi. Chidutswa chimene chimatuluka podula bowo la sinki ndi chanu, musalole apite nacho. Chathu timayeserapo mankhwala otsukira atsopano tisanawapake pa topu, ndipo mmisiri angasendepo laminate yokonzera m'mphepete pakadzathetheka.